Wonga Uyenera Kupuma

1

Ukwati wa achimwene anga ndinaupasula ine. Sindinanamizire munthu, sindinalembe kalata yachinsinsi, ngakhale chala sindinakweze. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero anthu a m'chigwa chathu, kuseri kwa tawuni ya Kohat, akafuna kuseka munthu wodzitama amangoti, "Kaswe kaye dzira la Haji Torgul." Dzina langa salitchula chifukwa sadziwa kanthu.

Ndine Breshna, mwana wa Ustad Samandar, wodzaza zipolopolo. Ustad kwathu ndi dzina laulemu la katswiri. Kwathu chipolopolo chikawombedwa khoko lake lamkuwa silitayidwa. Baba ankalitsuka, kulibweza mu msinkhu wake, kuliveka kachisoti katsopano koyatsira moto, kuthiramo wonga woyezedwa pasikelo, n'kukhomera mutu. Ambiri amagwira ntchito imeneyi, koma za Baba zinali zina. Ukawombera zisanu pamayadi mazana atatu, mabowo onse unkawaphimba ndi kapu ya tiyi. Kwa zaka makumi awiri, pa mpikisano uliwonse wa chandamale, mfuti ya Baba sinkabwera ndi manyazi.

Anthu akafunsa chinsinsi, Baba ankasisita ndevu n'kunena kuti, "Wonga uyenera kupuma."

Ankathira wonga m'makoko makumi asanu, kuwaimika m'thabwa la mabowo, n'kupita kumzikiti ku swala ya chakumadzulo. Mitu ankakhomera akabwerako. Odzaza zipolopolo onse m'chigwamo anatengera. Ena ankapumitsa wonga wawo tsiku lathunthu, wina mpaka ankaufunditsa kansalu ngati khanda, koma zipolopolo zawo zinkangoyendabe kumene zafuna.

Ine ntchito yanga inali yosesa m'chipinda cha ntchitoyi Baba akapita kumzikiti. Ndinasesa zaka zisanu ndi ziwiri.

2

Mavuto anayamba achimwene anga Baryal ataona mtsikana pa basi ya ku Kohat. Anaona maso okha, poti kwina konse kunali kofundidwa, koma zinakwanira kuti munthu wamkulu asiye kudya. Dzina lake anali Shaperai, ndipo mwa tsoka anali mwana wa Haji Torgul wa mudzi wa kutsidya, amene anakhala wachiwiri kwa Baba pa mpikisano uliwonse kuyambira ine ndili kamwana.

Baba anapita kukapempha, nabwera nkhope ili gwa. Anandiitana ndili pa uvuni.

"Breshna, khala pansi. Haji wavomera."

"Zikomo kwa Mulungu, Baba."

"Koma akuti mwana abwezedwe ndi mwana. Iwo atipatsa Shaperai, ife tiwapatsa iwe. Mng'ono wake Gulbaz akufuna womulerera ana."

Gulbaz ndinkamudziwa. Anali ndi zaka makumi asanu, ana asanu, manda a akazi awiri, ndi mano obiriwira ndi fodya wa pakamwa. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo Baba anali atakana kale amuna atatu ondifunsira. Mmodzi anali Khushal, mphunzitsi wa ku Bannu, amene ndinamulirira mwezi wathunthu nkhope ili m'pilo.

"Mphunzitsi uja munati ndi wosauka," ndinatero. "Gulbaz ndiye wolemera mano?"

"Tseka pakamwa, iwe!" anatero Amayi. "Bambo ako akulankhula."

"Mlongo wako afa ndi njala," anatero Baba, maso ali pansi. "Ukwati wake ukatha, pakapita sabata udzapita iwe."

Sindinalire. Ndinalowa m'chipinda cha ntchito, ndinatenga tsache, n'kukaliika pamapazi pa Amayi.

"Kuyambira mawa ndizisoka zovala za ukwati wanga," ndinatero. "Mkwatibwi sasesa."

Amayi anasangalala kuti mwana wamva. Baba analiyang'ana tsachelo nthawi yaitali.

Panatsala chinthu chimodzi. Kwathu a kuchimuna akabwera kudzatenga mkwatibwi, a kuchikazi amaika chandamale paphiri, ndipo alendo sachoka ndi mkazi asanachilase. Masiku ano ndi masewera chabe: mukaphonya amakusekani, n'kukupatsani mpunga ndi mkazi yemwe. Koma Haji Torgul anali atadikira zaka makumi awiri. Analengeza pamaso pa akuluakulu kuti kwake kudzatsatidwa lamulo la makolo: dzira la nkhuku pamayadi mazana atatu, zipolopolo khumi, wowombera mkwati mwini wake. Dzira likapanda kusweka, mwana wake sadzatuluka pakhomo.

Baba anaseka. Baryal anali ndi dzanja lokhazikika kuposa lawo, ndipo wonga wake unali wopuma.

3

Patatsala masabata atatu, Baba ndi Baryal anapita kukhwawa kukayesa zipolopolo zatsopano. Anabwera ndi pepala la chandamale, naliyala pamphasa ngati kalata ya maliro. Mabowo asanu anali atandandalika kuchokera pamwamba mpaka pansi, kutalika ngati mkono wa munthu.

"Mphepo," anatero Baba.

"Kunalibe mphepo, Baba," anatero Baryal.

"Ndiye ndi makoko. Atopa."

Anataya makoko akale, natenga atsopano. Anawayeza utali limodzilimodzi ndi zala, kuwasema milomo, kuwapukuta mpaka kuwala ngati ndolo za mkwatibwi. Anathira wonga, napita kumzikiti. Ine ndinkasoka pakhonde. Mawa lake pepala linabwera ndi mzere womwe uja, kukwera ndi kutsika.

"Tizisoti tija," anatero Baba. "Munthu wa ku Darra uja wandigulitsa tonyowa. Ndevu zake zimere m'mphuno!"

Anakwera basi mpaka ku Darra, kumsika wa mfuti, anakatukwana munthu wosalakwa, nabwera ndi tizisoti tina. Mzere uja sunasinthe. Kenako anati mitu yalowa kwambiri m'makoko, naitulutsa pang'ono. Anati yatuluka kwambiri, naibweza. Anatsuka mpope wa mfuti masiku awiri mpaka nyumba yonse inanunkha mafuta, ndipo buledi wa Amayi ankamveka ngati wophikidwa m'galaja. Anamanga zomangira zonse za mfuti, anasintha galasi loyang'anira, anafika mpaka pothamangitsa mphaka kuti amapumira pawonga.

"Mwina ndi diso loipa," anatero Amayi. "Mkazi wa Haji uja anayang'ana nyumba ino moipa tsiku la chinkhoswe."

Anafukiza mbewu zothamangitsa diso loipa pakhomo pa chipinda cha wonga. Baba anatuluka akukuwa ngati wapsa kale.

"Mkazi iwe! Ukufuna tonse tikafike kumwamba ukwati usanachitike?"

"Nanga inu mwachitapo chiyani, a Ustad? Milungu iwiri mukungosisita mfuti ngati mkazi wachiwiri!"

Awerengi, mwana aliyense wokulira m'nyumba ya wodzaza zipolopolo amadziwa ichi: mabowo akamwazikira m'mbali, funsa mphepo kapena dzanja. Akamakwera ndi kutsika, funsa wonga, chifukwa china chathiridwa wambiri, china wochepa. Baba ndi amene anandiphunzitsa zimenezi ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Koma m'masabata amenewo anafunsa khoko, chisoti, mutu, mpope ndi mphaka. Sikelo yokha sanaifunse.

Madzulo ena anaima pakhonde pamene ndinkasoka, nsapato za kumzikiti zili kale kumapazi.

"M'chipindamo mwada, mwana wanga," anatero.

"Ndikuona, Baba. Koma malaya awa atsala manja."

Anakhosomola, napita.

4

Baryal anaonda mpaka lamba anaboolanso bowo lina. Tsiku lina anakhala pambali panga n'kutola ulusi umene unagwa.

"Breshna, ndikudziwa kuti Gulbaz si mphunzitsi uja. Ndidzakuchezera sabata iliyonse, ndalumbira. Akadzakukweza dzanja ndidzamuthyola."

"Zikomo, achimwene. Mudzabwere ndi sopo wa mano."

Anaseka, kenako maso ake anadzaza misozi. Ndinkawakonda achimwene anga, ndipo ndinganame ndikanena kuti mtima sunandipweteke. Koma singano sindinaisiye.

Patatsala masiku anayi, Baryal analowa m'bwalo akuthamanga, atanyamula chitini cha tiyi chadzimbiri.

"Baba! Taonani chimene ndapeza kuseri kwa botolo la mafuta! Za chaka chatha, zotsala pa mpikisano uja!"

Munali zipolopolo khumi ndi ziwiri. Anathamangira kukhwawa, naika mazira awiri pamwala. Ndinamva kulira kwa mfuti kawiri, kenako mfuu ya Baryal imene inafika mpaka kumzikiti. Mazira onse awiri anasweka, ndipo m'chitini munatsala khumi, ndendende zimene Haji analola.

Amayi analulutira. Baba anatenga chitinicho, nachiika m'thumba la chikopa limene ankanyamulira zipolopolo, nalimanga ndi manja awo. Ine ndinadzibaya ndi singano, magazi n'kudontha pa malaya a ukwati. Ndinadziwa kuti zanga zada, ndipo ndinayamba kuphunzira mayina a ana a Gulbaz.

5

Tinawoloka mtsinje ndi malole atatu, ng'oma ndi nkhosa. Amayi a kuchikazi anatikweza patsindwi la nyumba ya Haji kuti tione bwino. Kumeneko azakhali ena anandigwira mkono n'kuufinya ngati akugula mbuzi.

"Uyu ndiye wa Gulbaz? Ali ndi mafupa abwino. Achapa."

Pansi, amuna oposa mazana awiri anakhala m'mizere. Kutsidya kwa khwawa, pamwala wakuda, dzira linkaoneka ngati kadontho ka laimu. Baba anamasula thumba, napereka chipolopolo choyamba kwa Baryal. Achimwene anagona chafufumimba, napuma, nawombera.

Fumbi linabuka pamwamba pa dzira.

"Walonjera kaye mwala!" anakuwa wina. "Mwana waulemu!"

Chachiwiri chinagwa pansi pake. Chachitatu pamwamba. Chachinayi pansi kwambiri, moti mbuzi imene inkadya kumunsi inathawa, anthu n'kufa nacho chiseko. Mzere umenewo ndinkaudziwa ngati mzere wa m'dzanja langa. Zimenezo sizinali za m'chitini.

Pofika chachisanu ndi chitatu palibe amene ankaseka kumbali yathu. Baryal anapukuta thukuta, nayang'ana Baba. Baba ankayang'ana phiri. Chachisanu ndi chinayi chinakwera. Chakhumi chinatsika, dzira lili phee ngati likudikira nkhuku yake.

Haji Torgul anaimirira pang'onopang'ono, natenga mfuti yake yakale, naswa dziralo ndi chipolopolo chimodzi.

"A Ustad," anatero mokweza kuti ndi ife patsindwi timve, "kapena wonga wanu sunapume mokwanira? Musadandaule. Pitani mukaugoneke chaka chimodzi, mudzabwerenso. Mwana wangayu ngwamng'ono, adikira. Koma wanu uja mutisiyire, ana a Gulbaz ali ndi nsabwe."

Ndikhulupirira kuti Haji ankangofuna kukhuta chiseko, n'kupereka mkazi dzuwa likamalowa. Koma Baba anaimirira msanga, msanga kwambiri kwa munthu wa maondo awo.

"Nyumba yoseka mlendo sindidyamo mpunga," anatero. "Ndipo mwana wanga salowamo. Sungani wanu, ndisunga wanga."

Akuluakulu anayesa kuwagwira malaya, koma mawu anali atatuluka pamaso pa anthu mazana awiri, ndipo kwathu mawu otere sabwezedwa. Tinakwera malole miphika ya mpunga isanavundukulidwe. Tikutuluka ndinamva kulira kuseri kwa chitseko china. Anali Shaperai, atavala kale zofiira.

Mulole Baryal anagwira mkono wa Baba.

"Zinali za m'chitini, Baba?"

"Unaona wekha ndikumanga thumba," anatero Baba. "Dzanja linali lako."

6

M'mawa mwake ndinalowa m'chipinda cha ntchito koyamba m'masabata atatu. Fumbi linali paliponse. Ndinasuntha botolo la mafuta, ndipo chitini chija chinali pamalo pake. Ndinachitsegula.

"Wawerenga?" anatero mawu kumbuyo kwanga. "Zakwana khumi?"

Baba anali pakhomo. Chinsinsi changa chonse chinatuluka chokha.

Apa ndiye poti ndiulule. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinaona Baba akuyeza wonga, kamuvi ka sikelo kali pamwamba pa mzere, iwo n'kugwedeza mutu kuti zakwana. Khoko lotsatira kamuvi kanali pansi, anagwedezanso mutu. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Zakutali ankaonabe bwino, koma kamzere ka pasikelo kanawathawa. Ustad Samandar sakanavala magalasi pamaso pa Haji Torgul, ndipo ine sindikanawauza. Choncho tsiku lililonse akapita kumzikiti ndinkakhuthula makoko onse makumi asanu, limodzilimodzi, kuyezanso wonga mpaka kamuvi kagone pamzere, kuwabweza m'thabwa, n'kusesa mofulumira kuti fumbi lioneke kuti lasuntha. Kumeneko ndiye kunali kupuma kwa wonga. Atandigulitsa kwa Gulbaz, ndinangosiya.

"Ndine, Baba," ndinatero. "Zaka zonsezi ndimayeza ndine. Ndipo ndinasiya dala."

Ndinadikira kumenyedwa khofi. Baba anakhala pampando, natulutsa mikanda yawo yopempherera.

"Iwe ukuganiza kuti ndinkakhalitsa kumzikiti chifukwa chopembedza kwambiri? Swala ija ndi ya mphindi khumi. Ine ndinkakhala ola lathunthu, mpaka shehe anayamba kundithawa. Makoko makumi asanu amafuna ola."

"Munkadziwa?"

"Mawu oti wonga uyenera kupuma ndinawapeka sabata imene unayamba. Ndikanati chiyani kwa anthu? Kuti Ustad ndi mtsikana wa tsache?"

"Nanga makoko aja, tizisoti, ulendo wa ku Darra?"

"Ndinkakupatsa nthawi yoti mtima utsike. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwana wanga. Ndikanakukalipira, ndikanaulula zanga."

Ndinayang'ana chitini chili m'manja mwanga.

"Ndiye izi munazisiyiranji? Achimwene akanaswa dzira lija ndi choyamba."

"Akanaswa."

"Ndiye?"

"Masabata atatu ndinaona mmene nyumba ino idzakhalire iwe ukapita."

Ndinafuna kuwagwera pamapazi, koma funso lina linafika msanga kuposa misozi.

"Baba, mphunzitsi uja, Khushal. Munamukaniranji?"

Anayendetsa mikanda iwiri kapena itatu.

"Anali munthu wabwino," anatero. "Koma ku Bannu n'kutali."

"Ndiye dzulo munapulumutsa mwana wanu kapena maso anu?"

Anaimirira, nasuntha thabwa la makoko kuti lifike kumbali yanga ya tebulo, navala nsapato.

"Ndikupita kumzikiti," anatero. "M'chipinda muno mwada."

Inali nthawi ya m'mawa, ndipo panalibe swala iliyonse. Ndinakhala pansi n'kukoka sikelo.

7

Shaperai anakwatiwa ndi msuweni wake miyezi itatu isanathe. Gulbaz anapeza wina wochapa. Baryal anapita ku Karachi kukayendetsa malole, ndipo anabwera kamodzi kokha, pa maliro a Amayi. Sanakwatire, ndipo mfuti sanaigwirenso.

Baba tsopano saona ngakhale phiri. Amakhala pabwalo la amuna kuphunzitsa achinyamata kuti wonga uyenera kupuma, ndipo anthu amachokera kutali kudzagula zipolopolo za Ustad Samandar, zimene mabowo ake umaphimba ndi kapu ya tiyi. Amadabwa kuti munthu wakhungu amayeza bwanji. Ena amati ndi mphatso ya Mulungu, ndipo ine sinditsutsa. Ndili ndi zaka makumi anayi. Ndinakana kukhala wantchito m'nyumba ya Gulbaz, ndipo ndinapambana: ndine wantchito m'nyumba ya bambo anga. Ondifunsira anasiya kubwera kalekale.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwandiweruza kale, mwina mwaweruza Baba. Chitani, koma musathamange. Ine ndinkaganiza kuti munthu amene wangopinda manja alibe mlandu, ndipo ndinapinda angawa masabata atatu ndikuona mlongo wanga akuonda. Ndikanatha kulankhula. Baba akanatha kupempha. Tonse awiri tinasankha kukhala chete, aliyense akuteteza chake, ndipo amene analipira ndi munthu yekhayo m'nyumbamo amene sankabisa kanthu. M'nyumba mwanu zinthu zikayamba kuphonya, musayambe ndi mphaka kapena munthu wa ku Darra. Yang'anani amene wakhala chete pakhonde, mumufunse chimene wasiya kuchita.

Chitini chija chikadali kuseri kwa mafuta, zipolopolo khumi zili momwemo. Chaka chilichonse ndimati ndiwauza achimwene. Pa Idi yapitayi anandiimbira foni, kumbuyo kukumveka malipenga a magalimoto.

"Breshna, dzira lija ndimalilotabe," anatero. "Zipolopolo za Baba zinali zabwino, ndinaziyesa ndekha. Dzanja langali ndi limene linanjenjemera. Ndinachititsa manyazi munthu wamkulu, ndiye ndibwera bwanji kumeneko?"

Ndinayang'ana botolo la mafuta. Baba anali pakhonde, khutu atalitchera kwa ine, mikanda itaima m'manja.

"Musadziimbe mlandu, achimwene," ndinatero. "Tsiku lija kunali mphepo."